Botolo Lomwe Ndinamutsegulira Wongani

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chomwe fodya anatigwiritsa fuwa lamoto. Kwathu ku Manyamula, mwamuna zikamuvuta kumunda amayang'ana kumwera, ndiye nanenso ndinatsatira anzanga. Amayi ndinawasiya m'manja mwa mng'ono wanga Wongani, ngakhale ndinkadziwa kuti manjawo ankanjenjemera ndi kachasu.

Ku Joni ndinkasamalira maluwa a bwana wina, n'kumagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Lamlungu linkatalika koopsa, mnzanga anali foni basi. Ndalama ndinkatumiza kwa NyaJere, mkazi wa Wongani, chifukwa zikafikira kwa mwamunayo zinkathera kumowa. Tsiku lina NyaJere anatumiza uthenga wa mawu: "Alamu, abale anu alowa gulu la abambo osiya mowa. Amakumana Loweruka masana, nthawi yomwe anzawo amayamba kumwa, n'kumakonza njinga. Asintha chomene." Ndinaseka ndekhandekha. Wongani kusiya mowa? Ndinangoyankha kuti chabwino, n'kuiwala.

Kwathu munthu wochokera ku Joni sangolowa m'mudzi mwakachetechete. Amayamba waima pa malo omwera, n'kugulira anthu mowa kuti aone kuti sanapite kukasewera. Nditabwerera kumudzi, inenso ndinatero. Wongani anabwera kudzandilandira chikwama, atanenepa, malaya ochapa bwino. Ndinamutsegulira botolo ndi dzanja langali.

"Akulu, ine ndinasiya," ananong'ona.

"Iwe, ukane mowa wa mkulu wako pamaso pa anthu? Ukufuna undichititse manyazi?"

Anayang'ana anthuwo, n'kundiyang'ana ine. Kenako analandira ndi manja awiri. Limodzilo linaitana anzake, ndipo m'mawa mwake tinakamutola m'ngalande ya m'mbali mwa msewu.

Loweruka kunabwera abambo a gulu lija, akukankha njinga. Ndinkayembekeza kuti andilalatira, mwina mtima ukanapepukako. Sanandinene n'komwe. Wamkulu wawo, a Nyirenda, anangokhala pakhonde pafupi ndi Wongani nati, "Dzuka, mbwenu tikayambirenso. Tonse tinagwapo." Anamutenga n'kupita naye. Ndinachita manyazi omwe sindinawamvepo. Ine kulibe, anthu kwathu anaphunzira kudzutsana, ndipo wobwera ndi zakale ndinali ine.

NyaJere ankasesa pabwalo. Sanakweze mawu, ngakhale kudzutsa mutu.

"Alamu, zaka zonsezi mumatumiza ndalama kwa ine kuti asamwe. Lero mwabwera nokha kudzamumwetsa."