Denga la Anthu Awiri

Ku Kanjedza mukafunsa kwa a Stafford Namakhwa, ena angokupukusirani mutu. Koma mukati, "Kwa madala a galimoto ya kabudula aja," ngakhale wogulitsa makala akulozerani geti lake. Galimotoyo ndi yofiira, ya mipando iwiri yokha, yotsika moti wokwera amakhala ngati wakhala pamphasa, ndipo denga lake ndi la lona lopindira kumbuyo. Oitanira minibasi ku Limbe ndiwo anaipatsa dzinalo. Amati galimoto zonse zinavala thalauza, iyi yokha nsalu inaperewera.

A Namakhwa anabadwira ku Bangwe, makolo awo atachokera ku Milanje, kutsidya kwa malire. Anagwira ntchito zaka makumi atatu m'sitolo ya zipangizo za galimoto pakampani ina ku Mandala, mpaka bawuti iliyonse ankaidziwa ndi dzina. Mu 1987 bwana wawo, mzungu wina, pobwerera kwawo anawasiyira galimotoyo, chifukwa inali itakalamba kale ndipo panalibe woifuna. Chaka chomwecho a Namakhwa anakwatira a Dorothy. Akamadzitama kuti analandira madalitso awiri chaka chimodzi, a Dorothy ankafunsa kuti loyamba ndi liti, bamboyo n'kuyamba kutsokomola.

Mu 1994 nthambi ya mango inagwera galimotoyo n'kupinda chitsulo cha denga mbali ya kumanzere. Kuyambira pamenepo dengalo linkafuna anthu awiri. A Namakhwa ankakoka kumanja. Kumanzere a Dorothy ankakoka, kugwedeza kawiri, kenako n'kumenya ndi chigongono pamalo amene ankawadziwa iwo okha, kachitsulo kokowera n'kulowa kuti khethe. Amakaniko a mikono ikuluikulu a ku Ginnery Corner anayesapo mbali imeneyo, onse anangotuluka thukuta.

Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, awiriwa ankatsitsa denga n'kuyenda ulendo wawo umodzimodzi: Limbe, Chichiri, Ginnery Corner, kukakhotera ku Mandala, n'kubwerera. Tsono mvula ya mu Blantyre ilibe ulemu, ndipo ikapuma imasiyira chiperoni. Dontho loyamba likangogwa, a Namakhwa ankaimika galimoto paliponse, kaya ndi pasiteji ya minibasi, onse awiri n'kutuluka.

"Kokani, amake Clifton!"

"Nanga ndikutani? Ndikuvina?"

"Mukukoka ngati mukuanula zovala pachingwe."

"Anzanga anakwatiwa ndi amuna a galimoto za malata. Ine ndinakwatiwa ndi ambulera!"

Oitanira aja ankasiya ntchito n'kumachemerera ngati ali kumpira. Denga likatsekeka, awiriwo ankalowa atanyoweratu, mkangano uli mkati. Koma mkanganowo sunkachedwa kukhota. Unkachoka pa denga n'kupita pa nkhuku za aneba, kuchoka apo n'kufika pa wodwala wa kutchalitchi, mpaka kukatulukira pa nkhani zimene kunyumba sankatha kuziyamba. Munali m'kati mwa lona lomwelo, mvula ikuwomba ngati ng'oma, m'mene a Namakhwa anaulula kuti kuntchito awapumitsa. Munalinso momwemo m'mene a Dorothy ananena kuti adokotala awapeza ndi shuga. Kunyumba a Namakhwa ndi munthu wa nyuzipepala ndi wailesi, mawu awo amachita kusowa.

Mnzawo wina, a Fahim, amene ali ndi galaja ku Limbe, anali ndi galimoto yamtundu womwewo koma ya denga la batani. Mkangano wa awiriwa unatha zaka. A Fahim ankati munthu wamkulu sayenera kulimbana ndi lona pamsewu anthu akuonerera. A Namakhwa ankayankha kuti batani ndi la aulesi. "Batire likakufera pamvula, udzafunda batanilo? Makolo anati mutu umodzi susenza denga. Za chala chimodzi sananenepo."

Ndiye mu Disembala wathayu mwana wawo Clifton, amene amakonza magetsi a galimoto ku Joni, anabwera kutchuthi atanyamula mota, mawaya ndi kabatani kakuda.

"Ababa, amayi akula," anatero. "Asamanyowe m'misewu ngati nkhuku."

"Mulungu wamva kulira kwanga," anatero a Dorothy, manja m'mwamba.

Clifton anagwira ntchito masiku atatu. Anawongola chitsulo chija, n'kulumikiza zonse. Tsiku lachitatu a Namakhwa anadina batani monyinyirika, denga n'kudzuka lokha, kuwerama, n'kudzitseka mwaulemu. Kunena zoona, munthu wotembenuka mtima msanga chotere sanaonekepo m'Kanjedza monse. Mkulu amene ananyoza batani zaka zonsezi anayamba kulidina paliponse: pageti, pamaroboti, ngakhale kunja kuli ngwee. Anapita dala kwa a Fahim kukatsegula ndi kutseka kanayi konse, osachita n'komwe manyazi.

Chaka chatsopano chitalowa, Clifton anabwerera ku Joni. Lamulungu loyamba mvula inawapeza pa Chichiri. A Dorothy anali atagwira kale chitseko kuti atuluke, koma amuna awo anangotambasula chala, denga lija n'kutsekeka. Mayiwo anabweza manja pamiyendo. Anafika ku Mandala ali gwaa, osanyowa ngakhale mpango, ndipo ulendo wonse panamveka mawu awiri okha: "Yabweratu." "Eee."

Lamulungu lachiwiri a Dorothy anati amayi a Mvano akukaona wodwala. Lachitatu anati miyendo ikuwawa. Lachinayi sanapereke n'komwe chifukwa, anangokhala pakhonde n'kumasankha nyemba.

Tsiku limenelo a Namakhwa anayendanso okha. Mvula inayamba ali pafupi ndi depoti ya Limbe. Asanadine batani, pakamwa pawo panatuluka mawu okha: "Kokani!" Atacheuka, pampando wa kumanzere panali buku lawo la nyimbo basi. Woitanira wina anasuzumira pawindo.

"Madala, masiteni ali kuti masiku ano? Mwawachotsa ntchito eti? Batani lawalanda ganyu!"

Anzake anaseka chikhakhali. A Namakhwa anayesa kuseka nawo koma zinakanika. Denga linatsekeka bwinobwino, m'kati munali mouma, ndipo mtima unawawawa kwambiri.

Atafika kunyumba anaima pakhonde, makiyi ali m'manja.

"Amake Clifton, bwanji simukufunanso kuyenda nane?"

"Ndikatani?" anayankha osadzutsa mutu. "Wongokhala m'galimoto osagwira kanthu ndi katundu. Mukafuna katundu, thumba la makala ndi ilo."

Loweruka lotsatira, ataona kuti akazi awo atenga basiketi kupita kumsika wa Limbe, a Namakhwa anatulutsa masipanala. Anamasula mota ija, kuikulunga m'saka, n'kukaibisa kuseri kwa khola la nkhuku. Kenako anayesa denga ndi manja. Linadzuka ndi dzanja limodzi, mofewa ngati chivundikiro cha poto. Apa m'pamene anakumbukira kuti Clifton anawongola chitsulo chija.

"Mwana ameneyu ntchito amaidziwa," anadandaula. "Vuto lake ndi limeneli."

Anazungulira galimotoyo kawiri. Uyu ndi munthu amene kwa zaka zonsezi sankalola aliyense kuitsamira, amene anakalipirapo abusa chifukwa choika kapu ya tiyi paboneti. Anatenga nyundo, kuyang'ana uku ndi uku, kutsinzina, n'kumenya katatu mbali ya kumanzere. Kumenya kwachitatuko kunamveka mpaka kwa aneba, agalu n'kuyamba kuuwa. Atayesanso denga, linakana kwamtuwagalu. Anamwetulira koyamba mwezi umenewo.

Mawa lake, ataweruka kutchalitchi, mitambo inali itada kale cha kuphiri la Mpingwe. A Namakhwa anaima pakhomo la khitchini atavala nkhope ya maliro.

"Amake Clifton, za ku Joni zija zafa. Denga lakanirira. Ndekha sindingathe."

A Dorothy anapukuta m'manja, n'kutuluka pang'onopang'ono. Anapapasa chitsulocho ngati akusankha nsomba pamsika.

"Mota yafa?"

"Yafa."

"Itafa n'kuyenda yokha kukagona kuseri kwa khola langa? Ndaipeza m'mawa potola mazira."

A Namakhwa anayang'ana nsapato zawo.

"Ndiponso mtengo wa mango uja unapinda mwaluso. Inu mwachita kuwonjeza. Mayi a kuseriku akuti dzulo amayesa kuti mukugwetsa nyumba."

"Ndayenda ndekha masabata atatu," anatero a Namakhwa, mawu atatsika. "Sindinanyowe ngakhale dontho limodzi. Sindikufunanso, Dorothy."

Dzina limenelo anali asanalitchule chibadwire Clifton. Mayiwo anamanga chitenje cholimba m'chiuno.

"Pitani mbali yanu."

Madontho oyamba anali atayamba kugwa.

"Kokanitu, amake Clifton!"

"Ndikukoka! Inu ndi amene mwaononga, musandilamulire!"

Malo omenya aja anali atasuntha. Chigongono choyamba chinaphonya, chachiwiri chimodzimodzi, mvula nayo n'kutsika yonse ngati imawadikirira. Suti ya kutchalitchi inamatirira pathupi, mpango wa a Dorothy unkachucha madzi, aneba ali m'mawindo. Kachisanu, atagwedeza ndi kunyoza nyundo pamodzi ndi mwini wake, kachitsulo kaja kanalowa kuti khethe.

Analowa onse awiri akupumira m'mwamba. A Dorothy anafinya mpango wawo, madzi n'kugwera pa kabatani kakuda kaja, kamene tsopano kanalibe ntchito.

"Mukuyang'ana chiyani? Lizani galimotoyo," anatero. "Ndipo muyende pang'onopang'ono. Ndili ndi nkhani za mwezi wathunthu."