Kiyi wa Tchalitchi Chathu

Ndikukumbukira chaka chimene ife Akatolika ochepa a m'mudzi mwathu, m'chigwa cha Domasi, tinasiya kupempherera m'chisakasa cha udzu. Ndinali sitandade folo. Chilimwe chonse ndinkatunga madzi oumbira njerwa, mpaka tsitsi linathothoka paliwombo chifukwa cha ndowa. Bambo anga, omwe anali kalipentala, anapala chitseko cha mlombwa milungu itatu, osalola munthu kuchikhudza ndi manja alitsiro.

Ndiye akatekisiti analengeza kuti pa tsiku lotsegulira, mwana mmodzi adzanyamula kiyi pambale n'kukapereka kwa wansembe. Ine ndinayambiratu kuyeserera kayendedwe kuseri kwa nyumba, chivundikiro cha poto chili m'manja. Koma anasankha Felista, mwana wa aphunzitsi amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Zomba. Ndowa anali asanaigwirepo, koma anali ndi diresi loyera ndi nsapato zolira poyenda. Nsanje inandigwira moti ndinakana ngakhale mbatata.

M'mawa wa tsikulo ndinaona kiyi ali pambale pansi pa mtengo wa mango, akuluakulu ali kalikiliki ndi mipando. Ndinamutenga n'kukamuponya m'chimbudzi.

Wansembe anafika. Kwaya inabwereza nyimbo yolowera kanayi, dzuwa likuswa mtengo, Felista akulira ndi mbale yopanda kanthu. Kunena zoona, mtima wanga unali mbee. Kenako akatekisiti anatembenukira kwa bambo n'kuwaitana ndi dzina langa.

"Abambo a Rozina, nanga titani? Anthutu apsa ndi dzuwa."

Bambo ananyamuka. Anapita kunyumba n'kubwera ndi tchizulo ndi hamala. Ndinamva mlombwa ukung'aluka, kenako ndinawaona akutola zidutswa n'kumaika m'thumba la jekete yawo ya Lamulungu.

Masiku ano tchalitchicho anachikuza, chili ndi magetsi ndi zitseko zachitsulo, ndipo makiyi amasunga Felista yemweyo, poti ndi wapampando. Ndikamuona akuwagwedeza, nsanje ija imandigwirabe. Kwa wansembe ndinalapa kalekale, anangondipatsa ma Tikuoneni Maria atatu basi. Koma bambo anamwalira akukhulupirira kuti kiyi uja anataya ndi iwo, poti ndiwo anamuika pambale.