Pemphero Limene Linachotsetsa a Tembo Ntchito

Ndikukumbukira kalasi yathu ku Kamitondo, komboni ya ku mgodi, ufulu utangobwera. Ana tinachuluka moti wina akayetsemula kumbuyo, wakutsogolo ankagwera panja. Musaseke, ineyo ndinagwapo. Mabuku anali osowa, ndipo a Tembo, aphunzitsi athu achitsikana amene anali asanakhazikitsidwe pa ntchito, ankafuna kutiphunzitsa kuika nkhani ziwiri pamodzi n'kuona posiyana ndi pofanana. Anati aliyense abwere ndi chowerenga cha kunyumba.

M'nyumba za ku mgodi munalibe chowerenga china koma cha kutchalitchi. Ife ochokera kum'mawa kwa dziko lathu, opemphera kwa ansembe, tinabwera ndi timabuku tathu tonunkha makandulo. Anzathu ochokera ku Malawi, opemphera kwa abusa, anabwera ndi awo okutira ndi pepala la simenti. A Tembo anasangalala. Anadula bolodi pakati ndi choko, uku posiyana, uko pofanana, n'kusankha pemphero lopezeka m'mabuku onse.

"Tiyambe ndi posiyana," anatero.

Ndinawerenga lathu. Kenako Gilesi, mwana wa kalaliki wa ku mgodi, anawerenga lawo, ndipo pamene lathu linathera, lawo linapitirira.

"Madamu, lawoli n'lodula mchira!" anakuwa Gilesi.

"Iwe, lanulo mwathira madzi ngati mkaka wa pamsika!" anabweza mnzanga Sitefano.

Fumbi linabuka. Ana Achibemba, amene mlanduwo sanaumve n'komwe, anathandiza mbali zonse ziwiri. Nsapato ya munthu inatulukira pazenera, ndipo ndikulumbira, inakatera kutali ku tauni ya Ndola.

M'mawa mwake makolo anadzaza bwalo, abambo ena zisoti za mgodi zili kumutu. A kwa ansembe ndi a kwa abusa anagwirizana kwa nthawi yoyamba: mtsikanayu akusokoneza chikhulupiriro cha ana. A Tembo anaima pakhonde la ahedi, choko chili m'manja.

"Makolo anga, ndipatseniko Lolemba lokha. Sitinafike pofanana."

Sanapatsidwe. Mbali ina ya bolodi ija inakhala yopanda kanthu mpaka aphunzitsi atsopano analembapo masamu. Tinangomva kuti a Tembo anapeza ntchito ya taipi, ndipo sanaphunzitsenso.

Masiku ano adzukulu anga amafananitsa nkhani m'mabuku osindikizidwa bwino, popanda wotuluka magazi. Mdzukulu wanga wamkulu, amene timamuyesabe mwana, waposa msinkhu umene a Tembo anali nawo pamenepo. Tsiku lochoka, a Tembo ananyamula okha sutikesi yawo mpaka ku basi, ife tikusewera mpira.