Mlimi wa Batata Mumlengalenga

Saide, jogo yathu ija, masewera apakompyuta a nkhondo za mumlengalenga, aikonzanso lero, ati magulu onse afanane mphamvu. Gulu lako la alimi, lomwe tinkaliseka lija, aliwonjezera mphamvu tsopano, iwe utatha chaka kumanda. Chipongwe chotani chimenechi?

Ndakumbuka Loweruka lija kwanu ku Chiuaula. Tonse tinkakhoma zombo zankhondo, iwe uli kalikiliki kulima pa mapulaneti ako. Ndinakunena kuti munthu wophunzira mpaka ku faculdade sangakwere kunyenyezi kukabzala batata ngati bambo ake. Nditafika ndi zombo makumi atatu kudzakuthira nkhondo, unangoleka kundigulitsa chakudya, asilikali anga n'kuyamba kugwa ndi njala. Unati, "Achimwene, auzeni adye mizingayo."

Masiku ano aliyense amangothamangira kuwombera, njira imodzimodzi, ndipo ndatopa nazo. Ndimati ndiifufute jogoyi, koma dzina lako likadali pamndandanda wa anzanga, ndiye dzanja linakana. M'malo mwake ndasankha alimi akowo. Mphindi khumi zisanathe, adani andiwotchera minda yonse. Mphamvuzo awonjezeradi, koma unapita osandiphunzitsa kulima kwake, womana iwe.