Kukafuna a Nihawo kwa Kalembo

Ndinanyamuka kwathu kwa Mposa Loweruka m'mawa, nditanyamula kathumba ka mpunga ndi foni yodzaza moto. Ndinkapita kwa Kalembo kukafuna munthu amene ngakhale mudzi wake sindinkaudziwa.

Zaka zapitazo ndinaphunzirako Chitchaina pa kasukulu kena ku Balaka. Sukuluyo itatsekedwa, aphunzitsi athu, Mayi Lin, anabwerera kwawo, ifenso tinabalalika. Chimene chimatisunga pamodzi ndi gulu la pafoni, momwe timapatsana moni, kuuzana za maukwati ndi maliro, ndi kukonzana tikalakwitsa mawu. Tonse tilimo kupatula Asiyatu, amene ankatiposa tonse m'kalasi. Iye anachoka osatsanzika, ndipo nambala yake inasiya kugwira.

Sabata imeneyo Mayi Lin analemba kuti Lolemba akachitidwa opaleshoni ya maso, ndipo madokotala sanawalonjeze kuti adzaonanso bwino. Anapempha kuti aone nkhope ya aliyense. Onse anawaimbira. Kenaka anandilembera pandekha: "Yusufu, iwe uli pafupi. Ndipezere Asiyatu." Kunena zoona sindili pafupi, ndiponso kufunsa njira kumandichititsa manyazi, koma aphunzitsi sindinawakanirepo kanthu.

Wa njinga yamoto anandilipiritsa K5,000 kukafika pamsewu wa tala. Ali mkati mozemba maenje anandifunsa kuti, "Mpungawo ndi wa apongozi?"

"Iyayi, ndi wa mnzanga wa kusukulu."

"Onse amayamba choncho," anatero.

Minibasi ya ku Liwonde inali K4,000. Kondakitala ankakuwa kuti patsala malo amodzi, koma tinalowa anthu anayi. Mayi wina anandiika mwana wake pamiyendo osandifunsa, ndipo ndinamusunga mpaka tinaoloka mlatho wa Shire. Ku Liwonde ndinagula chimanga chootcha, n'kukwera ina yolowera ku Mangochi. Ndinkangoyang'ana nthawi. Kwa Mayi Lin dzuwa limalowa kuno kukali masana, ndipo iwo amagona msanga. Ikakwana 2 koloko ndisanamupeze Asiyatu, ndiye kuti ulendo wonse wapita pachabe.

Ndinatsika pa Ulongwe, m'dera la Kalembo, dzuwa lili paliwombo. Ndinadutsa ogulitsa atatu ndisanalimbe mtima, kenaka ndinaima kwa mayi wa tomato.

"Pepani amayi, ndikufuna Asiyatu."

"Asiyatu wake uti? Kuno ukaponya mwala ugenda Asiyatu. Mwana wa ndani? Anakwatiwa kwa yani?"

Kusukulu ine ndi Asiyatu tinkakhala benchi imodzi, dzina lake la Chitchaina ndinkalidziwa bwino, koma la bambo ake sindinafunsepo. Mayiwo anandilozera kwa Asiyatu wogulitsa zitumbuwa. Ndinakapeza agogo a imvi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, anandipatsa zitumbuwa ziwiri zaulere, n'kunena kuti, "Chitchaina ayi, mwanangu, ine changa n'Chiyao."

Ndinakakhala pansi pa mtengo pamene amaima a kabaza. Foni inalira. Anali mnzanga wa m'gulu lathu kufuna kumva za ulendo, ndipo ndinamulonjera monga timachitira: "Nihawo." Bambo wina wa kabaza, wovala chikofiya choyera, anatembenuka.

"Achimwene, mwati chiyani?"

"Ndi moni wa Chitchaina, bambo."

"Zimenezo ndikudziwa. Ndiye ngati mukufuna a Nihawo, osangonena bwanji? Kwerani."

Anandiuza K1,500, ndipo sindinanenerere. Tinadutsa minda ya nandolo ndi milambe ikuluikulu, iwo akupalasa, ine ndikugwirira mpunga. Anandifotokozera kuti mayiyo atabwera kuchokera ku Balaka ankalonjera ana ndi mawu amenewo mongocheza, mpaka dzinalo linamukakamira. Tikulowa m'mudzi, ana anatithamangira akukuwa kuti, "Nihawo! Nihawo!" Apo mtima wanga unakhala pansi.

Ndinamupeza Asiyatu pakhonde akupeta nandolo, mwana ali kumbuyo. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Yusufu? Wakula, koma maso ukuyang'anabe pansi."

Anandipatsa mpando ndi madzi, nandifotokozera kuti anachoka chifukwa amayi ake anadwala, kenaka anakwatiwa, foni nayo inafa. Nditanena zoti tiwaimbire Mayi Lin, anapukusa mutu.

"Iyayi. Ndikawauza chiyani? Ankati ndidzakhala womasulira, ine ndili pano ndi lichero. Nambala ya anzanga ndikanaifuna ndikanaipeza. Ndi manyazi."

Amuna ake, Che Jafali, anali pamakina osokera kumapeto kwa khonde. Anaimitsa phazi.

"Amake Fatuma, ana a m'mudzi muno amawerenga mbuzi m'Chitchaina chifukwa cha inu. Ine ndemwe mumanditukwana m'Chitchaina ndikachedwa kumsika. Mukuopa chiyani?"

Asiyatu anaseka, koma sanavomere. Nthawi inali itatsala pang'ono. Ndinauza mtima wanga kuti manyazi a anthu awiri sangatithandize, ndipo ndinanena za maso aja, za Lolemba, ndi kuti nkhope yotsala inali yake yokha. Anaika lichero pansi. Analowa m'nyumba, natuluka atamanga mpango wina.

M'mudzimo netiweki imagwira pachulu cha kuseri kwa mzikiti basi. Tinakwera, ana akutitsatira. Foni inaitana kanayi. Kenaka nkhope ya Mayi Lin inaoneka, ataiyandikiza kwambiri moti tinkangoona magalasi ndi mphuno. Anamuitana Asiyatu ndi dzina lomwe anamupatsa m'kalasi. Asiyatu anayamba pang'onopang'ono, koma posakhalitsa Chitchaina chinayamba kutuluka mothamanga, ine wa m'gulu n'kumangotolako mawu apa ndi apo. Anawaonetsa mwana. Kenaka anakweza dzanja, ndipo ana onse aja anawerenga pamodzi kuyambira wani mpaka teni m'Chitchaina.

Mayi Lin anavula magalasi, napukuta m'maso. Ananena m'Chichewa chawo chopindika chija: "Zikomo kwambiri. Ndaona."

Tisanatsike pachulupo ndinalowetsa nambala ya Che Jafali m'gulu. Ndinafunsa kuti ndilembe dzina liti, ndipo Che Jafali, amene anabwera nafe, anati, "Lembani lomwe aliyense akulidziwa." Ndinalemba kuti Nihawo.

Ndinabwerera ndi kathumba komwe kaja, mpunga utasanduka nandolo. Bambo wa kabaza anali akundidikirabe, ndipo pobwerera anakana ndalama. Ndinafika kwathu dzuwa litalowa, miyendo ili fumbi lokhalokha. Ndikuthokoza onse amene anandilozera njira, ngakhale amene anandilozera kolakwika. Ndinapita kukafuna munthu ndi dzina limene tinasiyana nalo, ndipo ndinamupeza ndi limene anthu ake anamupatsa. Lolemba m'mawa, uthenga woyamba wowafunira Mayi Lin zabwino unachokera pachulu chija.