Malata a akulu anga

Akulu anga ankagulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale, pamsika ku Chipata, ine ndili pambali pawo ndi tomato wanga. Amuna awo atamwalira anawasiyira ana ndi nyumba yaudzu yodontha ku Madzimoyo. Zimene zinawadzutsa ndi ngongole za m'gulu la amayi, chimenecho sindingakane. Ankatenga pang'ono, kuoda belo la zovala, kugulitsa, kubweza, mpaka tsiku lina malata anakwera padenga. Ndinkawaseka kuti masiku ano mvula ikamagwa amadzutsa ana kuti amve kulira kwake. Sankatsutsa.

Gululo linali la amayi a mpingo wathu, oimba nawo kwaya. Lamulo lake linali louma: mmodzi akalephera kubweza, onse satenganso ngongole. Choncho aliyense ankatchula chikole. Akulu anga anatchula malata, nanga china chooneka chinalipo n'chiyani?

Salaula ndi juga. Belo umagula lomanga ndi mawaya, kutsegula n'kwanu. Chaka china mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anatenga ngongole yokulirapo kuti aode madiresi a Khirisimasi. Mawaya tinadula limodzi. Munatuluka majekete aubweya okhaokha, olemera ngati mabulangete. Mwini sitolo imene anaodako anangoti chotsegulidwa sichibwerera. Pamsika anthu ankagwira, kuseka, n'kumapita akudzipukuta thukuta.

Sabata zinapita osabweza. Ine ndinkaponyapo za tomato, koma tomato sangagwire nyumba ikugwa. Uku anzawo ankadikira ngongole ya feteleza, mitambo yayamba kale kusonkhana. Bambo wa ku ofesi ya ngongole ankabwera pa njinga yamoto, kunena mawu omwewo, kubwerera. Iyeyo sankalanda kanthu kwa munthu. Ntchito imeneyo ankaisiyira amayiwo, ndipo mpaka lero zimandinyansa.

Amayiwo anafika m'mawa wina ndi kalipentala ndi makwerero. Anaodira bwinobwino, kukhala pamphasa, kufunsa za ana. Kenako atcheya a gulu, mayi wachikulire amene anasambitsa akulu anga tsiku la maliro a amuna awo, anatsokomola.

"Asisi, mwadziwa chimene tabwerera. Manje tichite bwanji? Tikapanda feteleza tonse tafa ndi njala."

Ine ndinalowererapo. "Amayi, mulibe manyazi? Ana awa agona kuti? Dikirani Juni, majekete adzayenda!"

"Chimanga sichingadikire Juni, mwana wanga," anatero osandiyang'ana.

Akulu anga anandigwira mkono. "Iwe khala chete. Ninatchula nekha."

Atcheyawo sanalakwe, ndipo n'chimene chinandipweteka. Pa mphasa ija panalibe wolemera. Wina anali ndi mwana wodwala kumsana, wina patapata wake anali womanga ndi waya.

Kalipentala anakwera. Ankazula mosamala kuti lata lisang'ambike, poti long'ambika limagwa mtengo. Lililonse likatsika, dzuwa linkalowa m'nyumba n'kuonetsa zonse: mphasa za ana, mapoto, ndowa. Amayi aja ankalandira malata akulira, misozi yeniyeni, koma manja sanaleke kulandira. Ana anaima pansi pa mtengo wa mango. Wamng'ono anafunsa ngati akubweretsa ena atsopano.

Atamanga malata kuti asenze, atcheya anayamba kutolera misomali imene inagwera pansi. Anaiwongola ndi mwala, umodziumodzi, osafulumira. Atatha anaimanga m'kansanza n'kupita nayo kwa akulu anga.

"Iyi sinali pa chikole. Sungani."

Ndinkadikira kuti awagenda nayo kumaso. Ine ndikanatero. Koma akulu anga anagwada m'nyumba yopanda denga ija, analandira ndi manja awiri, n'kunena kuti zikomo.