Chitsulo cha a Venâncio ndi madzi a chinangwa

A Venâncio a ku Msumba anali munthu wosadutsa chitsulo panjira. Msomali wopindika, sipoko ya njinga, zonse ankatola n'kukazisanja m'kakhumbi kuseri kwa nyumba, kamene iwo ankakatcha ofisina. Akazi awo, a Clotilde, ankati iwo akanabadwa bawuti bwenzi akudzozedwa mafuta tsiku ndi tsiku.

Ntchito anaphunzira kwa a Jafari, fundi wa maboti ku Chiwanga, ndipo mtima wawo unatsalira pa makina oboolera zitsulo a fundiyo: mzati wachitsulo wofika pachifuwa, phazi lathyathyathya, gudumu pamwamba, chopukusira pambali. Nkhondo itakula mu 1986, a Jafari anathawira ku Likoma. Makinawo sakanakwera bwato, choncho anawamasula, kuwakwirira pansi pa mango, n'kunong'oneza a Venâncio okha: "Mudzafukule mtendere ukabwera."

A Venâncio anapirira mvula ziwiri basi.

Anakafukula masana dzuwa lili paliwombo, anthu atabisala m'mithunzi. Mzati anaukulunga mumkeka ngati maliro, n'kumangirira panjinga. Ankaopa kuti zikamveka, makinawo atengedwa ndi boma kukakhala a koperativa, a gulu lonse. Ankadziyesa ochenjera, kuiwala kuti kuseri kwa mpanda kunali a Olímpia, mayi amene diso lawo linkaona mpaka m'thumba lomanga.

Dzimbiri linali litagwira mano onse a makinawo, ndipo palafini zaka zimenezo ankangomumva m'nyimbo. Apo a Venâncio anakumbukira nzeru ya a Jafari: madzi amene amayi aviikamo chinangwa cha kondowole, owawasa onunkha aja, amadya dzimbiri. A mumtsuko wa a Clotilde sanakwane. Ndiye mwamuna wamkulu, wa imvi zake, anayamba kuyenda khomo ndi khomo atanyamula ndowa.

"Odi, alamu! Madzi a chinangwa musataye, ndidzatenga."

"Mwatani nawo?" anafunsa a Olímpia. "Sopo wasowa mpaka mwayamba kusamba amenewa?"

"Ndili nawo ntchito."

"Ntchito yanji?"

"Yanga."

Nthawi ya nkhondo yankho lotere ndi kudzikumbira dzenje. Padooko wina anati madziwo akuphikira poizoni, wina anati onga wa mfuti. A Olímpia ndiye anamanga mutu wa nkhani: chitoliro chachitali, phazi lathyathyathya, iwo anachionapo asilikali atanyamula ku Metangula. Moteyiro, mfuti yoponya mabomba ija! Akusungira amatsanga, zigawenga zakutchire zija!

A Venâncio anaona kuti moni wafupika. Njinga zinasiya kubwera kudzakonzedwa. Akafika pabawo, amuna ankangoti zii, maso pa njere. Poyamba anaganiza kuti ndi fungo. Kenako anati ayi, anthuwa anunkhiza makina, akufuna kulanda. Anakhoma chitseko cha matabwa pa ofisina, n'kupachikapo loko wamkulu ngati chibakera.

"Bambo, tsegulani anthu aone," anatero a Clotilde. "Kudooko akumandisiyira malo ngati wakhate."

"Aone kuti alande? Ine si mwana."

Loweruka m'mawa, a Venâncio atangomaliza kulumikiza makinawo, pakhomo panafika a Dionísio, sekeletariyo wa dera, ndi amilisha awiri. Mudzi wonse unali pambuyo, koma chapatali ndithu, poopa kuphulika. Munthu wotengedwa ndi mlandu wa amatsanga, tsiku lake lobwerera sankalidziwa ndi mkazi wake yemwe.

"Kamarada Venâncio, tsegulani."

Anatsegula. Fungo linatuluka koyamba, mmilisha mmodzi anabwerera chafutambuyo. Pakati pa khumbi panaima chitsulo chija, chotuwa, chotsukika.

"Ndi chimenecho!" anakuwa a Olímpia ali kuseri kwa papaya.

"Akuluakulu, awa ndi makina oboolera."

"Inu mungati mfuti?" anatero a Dionísio. "Ngati ndi oboolera, boolani. Akakanika, tinyamukira limodzi."

Vuto linali lakuti makinawo anali asanaboolepo kalikonse chikwiriridwire, ndipo kachitsulo koboolerako a Venâncio anachita kusula okha kuchokera ku tupa yakutha. Anatola chidutswa cha nkhwangwa.

"Chawocho ayi, anachikonzeratu!" anatero a Olímpia. Anathamangira kwawo n'kubwera ndi khasu long'ambika pakhosi, limene linakhala chaka osalima. Analiponya chapatali ngati akuponyera galu wolusa.

A Venâncio analiika paphazi paja, kugwira chopukusira, kukankha. Gwa! Osasuntha. Anakankhanso, thukuta kamukamu. Amilisha anayang'anana. Dzimbiri linachokadi, koma mano anali ouma gwa, ndipo mafuta m'nyumbamo munalibe ngakhale dontho, kupatula kabotolo ka nsatsi kamene a Clotilde ankabisira amuna awo chaka chonse, odzola popita kutchalitchi.

A Clotilde analowa m'nyumba osauzidwa. Anatuluka nako kabotoloko n'kuthira onse m'mano a makinawo, mpaka kukagwedeza.

"Ndinanena kuti mafuta anga adzathera pa bawuti," anatero.

Gudumu linalira kwiii, anthu ena anagona pansi chafufumimba. Linazungulira kamodzi, kawiri, kenako linayamba kuyenda lokha ngati lakumbukira kwawo. Tizitsulo topotana tinatuluka pakhasupo. Pofo! A Dionísio ananyamula khasu, kuika diso pabowo, n'kuona a Olímpia mbali inayo.

"Laboola," anatero, ngati munthu amene wamanidwa ndiwo. Anazungulira makinawo kawiri, kusuzumira pansi pake, kununkhiza ndowa. "Mfuti si mfuti. Koma munthu wabwino satsekera chinthu. Makina akhale, chitseko chichoke."

Amilisha anachizula pomwepo. A Venâncio sanatsutse, anawathandiza ndi kuzula misomali, n'kuitola yonse.

Kuyambira tsikulo ofisina inakhala yopanda chitseko mpaka nkhondo inatha. Makasu, mapoto ndi zitsulo za maboti zinkachokera ku Maniamba komwe. Khasu la a Olímpia analiphatika chigamba ndi misomali inayi, linalima zaka zambiri. Eni khasuwo ankakhala pampanda kuyang'anira gudumu likuzungulira, n'kumauza aliyense wodikira pamzere kuti asayandikire kwambiri.

"Lero likuboola," ankatero. "Mawa mukulidziwa inu?"

Ndipo madzi awo a chinangwa ankakawataya kutali, kuseri kwa nthochi.